Mapu Atsogole, Zaka Zitsate

Ana ambiri a sukulu amaloweza bwino kuti David Livingstone anafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859, koma akafunsidwa chifukwa chimene anafikira wapansi pamene anali ndi sitima, amangoti chete. Yankho lili pa mapu. Mtsinje wa Shire uli ndi mathithi kuyambira pa Kapichira kunka kumtunda, ndipo sitima yake, Ma Robert, sinathe kupyola pamenepo. Nchifukwa chake anaisiya kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa.

Mphunzitsi wosowa mapu a pachipupa asadandaule, pakuti dothi la pabwalo ndi kamtengo nzokwanira. Alembe Shire pansi, aike miyala pa mathithi, ndipo mwana aloze yekha pamene sitima inaima, asanatchule chaka.