Za Anthu Olowa m'Zombo Zomira

 Usiku uno ndifuna kukamba nanu anzanga a ku migodi za anthu ena amene atsika pansi monga mucita inu, koma iwo atsikira m'madzi. Kwa ena ndiyo nchito yao, koma ambiri angocita mwa cisangalalo, nalipira ndalama zao kuti aphunzire. Abereka botolo lacitsulo la mpweya, nabvala magalasi kumaso ndi zipsepse za mphira kumapazi, nalowa m'nyanja kukaona zombo zimene zinamira kalekale.

Munthu akamva zimenezi ayesa kuti coopsa ndico kutsika. Iai. Kutsika sikubvuta, ngakhale mwala utsika. Cimene wosambira aphunzira koposa zonse ndico kubwerera pamwamba ali wamoyo.

Tiyambe ndi kulemera kwa madzi. Mpweya umene tipumau utipanikiza tonsefe usana ndi usiku, koma tinauzolowera. Inu mukatsika m'keji ku Nkana kapena ku Mufulira, mamita mazanamazana, makutu atseka pang'ono, mumeza malobvu, basi kwatha. M'madzi si cotero ai, pakuti madzi alemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800. Munthu akatsika mamita 10 okha, ndiwo mafiti 33, kupanikiza kwakula kawiri. Pa mamita 20 katatu. Pa mamita 30 kanai.

Nanga cifuwa cace cipuma bwanji pansi pa katundu wotere? M'caka ca 1943 amuna awiri a ku France, Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan, anakonza cipangizo cimene anacicha Aqua-Lung. Nchito yace ndiyo kupatsa munthu mpweya wa m'botolo wopanikizika molingana ndi madzi omzinga. Koma pamenepa pali ngongole. Pa mamita 30 kupuma kamodzi kutenga mpweya wa mapumidwe anai. Botolo limene likadamfikitsa maora awiri pamtunda, pansipo litha pa theka la ora. Ndipo munthu akacita mantha, napuma mofulumira, litha msanga koposa.

Cifukwa cace maphunziro ayambira m'madzi osazama, pamene munthu angathe kuimirira mutu uli kunja. Wophunzira agwada pansi, nacotsa cipangizo m'kamwa, nacibwezanso. Alowetsa dala madzi m'magalasi ace, nawaturutsa ndi mpweya wa m'mphuno. Aphunzira kupuma pa botolo la mnzace, pakuti lamulo ndilo lakuti asalowe yekha. M'madzi mulibe kulankhula, tsono akamba ndi manja, ndipo cala cacikuru coloza kumwamba sicinena kuti zonse ziri bwino, cinena kuti tikwere. Akapambana alandira cikalata comlola kufika mamita 18. Wofuna kuzama kuposa apo aphunziranso, koma malire a osambira mwa cisangalalo ndiwo mamita 40.

Lamulo loyamba limene mphunzitsi abwereza mpaka kutopetsa ndi ili: usaumire mpweya. Taganizani munthu amene wadzaza cifuwa pa mamita 10, natseka pakhosi, nakwera. Madzi ali kuleka kumpanikiza, mpweya uja uli kufutukuka, ndipo pofika pamwamba wakula kawiri. Mapapo sangathe kutanuka cotero, ang'ambika. Zimenezi zicitika ngakhale m'madzi a mamita owerengeka okha. Munthu wocita mantha mtima wace umuuza kuti aumire mpweya athawire pamwamba, ndipo maphunziro onse aja afuna kugonjetsa mtima umenewo.

Coopsa caciwiri cibwera mwakacetecete, ndipo mudzadabwa kumva kuti cinayamba kuonekera pa anthu a ku migodi. M'caka ca 1841 mmisiri wina wa ku France, Jacques Triger, pokumba mgodi wa malasha pafupi ndi mtsinje wa Loire, anapopera mpweya wopanikizika m'shafti kuti madzi asalowe. Nzeru yace inathandiza, koma anchito ena poturuka anamva kuwawa m'mfundo za mikono ndi miyendo. Pambuyo pace nthenda yomweyo inagwira omanga mlatho wa Brooklyn ku New York, ndipo inapundula mkuru wa nchitoyo, Washington Roebling. Amene analongosola cifukwa cace ndiye Paul Bert, m'caka ca 1878.

Cifukwa cace ndi ici. Mpweya umene tipuma, pafupifupi magawo anai mwa asanu ndiwo naitrojeni, umene thupi silicita nao kanthu. Munthu akapanikizika, naitrojeni asungunuka m'mwazi ndi m'minofu, monga mpweya wa m'botolo la soda losatsegula. Muliyang'ane botolo lotseka, simuona thobvu. Mulitsegule mwadzidzidzi, thobvu lisefukira. Wosambira wokwera mothamanga ndiye botolo limenelo. Thobvu likakhala m'mfundo amva kuwawa koopsa, likakhala m'fupa la msana miyendo ifa, likafika ku ubongo kapena ku mapapo munthu angathe kumwalira. Mankhwala ace ndiwo kumlowetsa m'cipinda cacitsulo, kumpanikizanso ndi kumpatsa okosijeni, ndi kummasula pang'onopang'ono kwa maora ambiri.

Amene anapeza njira yopewera ndiye John Scott Haldane wa ku Scotland, munthu amene a ku migodi ayenera kumdziwa, pakuti ndiye analangiza kutenga mbewa kapena timbalame pansi kuti tizindikiritse mpweya woipa. Iye anayesa ndi mbuzi m'cipinda copanikiza, ndipo m'caka ca 1908 anaturutsa ndondomeko yoonetsa nthawi imene munthu angakhale pa kuya kwakuti, ndi pamene ayenera kuima pokwera. Lero ambiri abvala kakompyuta pa dzanja kowawerengera zimenezi, koma nzeru ndi yomweyo. Pa mamita 30 wosambira ali ndi mphindi ngati 20 zokha. Akwera mosafulumira, ngati mamita 10 pa mphindi, ndipo pofika mamita 5 aima mphindi zitatu, atagwira cingwe, kuwala kwa dzuwa ali kukuona pamwamba pace. Tsiku lomwelo sakwera ndege.

Kodi cimene awabvutikira cotere n'ciani? Ndikuuzeni za combo cimodzi. Thistlegorm cinali combo ca Angerezi conyamula katundu, comangidwa ku Sunderland m'caka ca 1940. Mu June 1941 cinanyamuka ku Glasgow ndi katundu wa asilikali a ku Egypt, cinazungulira ku Cape Town, nicilowa m'nyanja ya Red Sea, kumene cinaima kudikira kuti njira ya Suez itseguke. Usiku wa pa 6 October ndege za Ajeremani zocokera ku Crete zinacipeza. Mabomba anagwera pa cipinda ca zida, combo cinaphulika nicimira, ndipo anthu 9 anafa. Mitu iwiri ya sitima za pamtunda imene inali pamwamba inaponyedwa m'madzi, wina uku wina uku, ndipo iri pa mcenga mpaka lero. Cousteau anacipeza m'zaka za m'ma 1950, naturutsa belu lace ndi njinga yamoto imodzi. Kenaka cinaiwalika kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990.

Cagona pa mamita 30. M'zipinda zace muli malori a Bedford, njinga zamoto za BSA ndi Norton zitandandalika monga anazipakira, mfuti, ndi nsapato za mphira zonga majombo anu. Nsomba zilowa ndi kuturuka pa mazenera a malori. Ine sindidabwa kuti anthu acokera maiko akutali kudzaona zimenezi.

Koma kulowa m'kati ndi nkhani yina, ndipo kufuna maphunziro akeake. Kunja kwa combo, zikabvuta, njira iri pamwamba pako. M'kati pamwamba pako pali denga lacitsulo. Pansi pali matope osalala a zaka zambiri, ndipo phazi limodzi likawabvundula, nyali siithandizanso, munthu saona ngakhale dzanja lace. Thobvu la mpweya wace ligunda denga nilikhuthula dzimbiri. Mawaya olendewera akola botolo. Onjezanipo ici, cakuti pa kuya kumeneko naitrojeni aledzeretsa munthu pang'ono, kotero kuti aiwala kuyang'ana mpweya wotsala, ndipo khomo limene analowera lifanana ndi ena onse.

Motero wolowa amanga cingwe kunja, nacitambasula pamene ali kupita, kuti ngakhale mu mdima acitsate ndi zala. Atenga nyali yoposa imodzi, ndi mpeni wodulira zokola. Mpweya wace augawa patatu: gawo limodzi lolowera, limodzi loturukira, lacitatu losakhudza, losungira tsoka lace kapena la mnzace. Gawo loyamba likatha atembenuka, cinkana cimene anadzera ciri pafupi pomwepo. Ndiyesa kuti munthu amene anagwirapo nchito pansi pa mwala wolendewera angamve malamulo awa msanga kuposa kalaliki wa mu ofesi. Ambiri amene afera m'zombo sanasowe mphamvu kapena kulimba mtima, anangopitirira pang'ono pamene anayenera kubwerera.

Naco combo cibvulala ndi alendo ace. Ena anaba ziwongolero za malori ndi zizindikiro za pa njinga, osasamala kuti pamalopo panafera anthu. Mabwato omangirira zingwe pa combo anathyola zitsulo zace, ndipo mpweya woturuka m'kamwa mwa osambira, pounjikana pansi pa denga, ufulumiza dzimbiri. M'caka ca 2007 osamalira nyanja ya kumeneko anaika pomangirira mabwato pambali, naboola mabowo m'denga la Thistlegorm kuti mpweyawo uzituruka.