Mkanjo watsopano si kudzikuza

Ndimaphunzitsa ana kumadrasa kuno ku Karonga, ndipo nkhani ya kudzikuza imandipeza kawirikawiri kudzera m'zovala. Mnyamata akagula mkanjo watsopano ndi nsapato zonyezimira za pa Idi, agogo ake amati wayamba matama. Za nkhani yomweyi anafunsidwapo Mtumiki Muhammad (SAW), monga likusimbira buku la hadisi la Sahih Muslim. Iye anafotokoza kuti kutchena kulibe mlandu, pakuti Allah amakonda zokongola. Kudzikuza, kumene pa Chiarabu timati kibr, kuli pa zinthu ziwiri: kukana choonadi ndi kupeputsa anthu.

M'Qur'an woyamba kugwa nako ndi Iblis (Satana). Ophunzira anga amadabwa ndikawauza kuti iyeyu sanakanepo zoti Allah alipo. Ankachita kulankhula naye. Chimene anakana ndi kugwadira Adam, ndipo Sura 7 ndi Sura 38 zikutiuza chifukwa chake: iye analengedwa kuchokera kumoto, Adam kudongo. Firauni anatukumuka ndi ufumu, Qaruni ndi chuma mpaka nthaka inam'meza, koma ine ndimakhalitsa pa Iblis, chifukwa ankanyadira kumene anachokera, chinthu chimene sanachikhetsere thukuta ngakhale dontho.

Ife a ku Karonga maganizo amenewa tikuwadziwa kumene amathera. Mlozi, wogulitsa akapolo, anamanga linga ku Mpata, ndipo mu 1887 anadzitcha Sultani wa dziko la Ankhonde. Chaka chomwecho anthu ake anayatsa bango padambo la Kambwe m'mene Ankhonde anabisala. Mlozi ananyongedwa mu Disembala 1895, atagonja kwa asilikali a boma la atsamunda otsogozedwa ndi Harry Johnston.

Anzanga achikhristu amandifunsa, ena mwaulemu, ena mtima ukuwawa: "Ashehe, kodi munthu uja sanali Msilamu?" Sindizemba. Anali, ndipo zimandipweteka. Koma kuti munthu am'veke mnzake goli ndi kum'gulitsa ngati mbuzi, amayamba wavomereza mumtima kuti iye ndi moto, mnzakeyo ndi dongo. Sura 59 imapereka dzina loti Al-Mutakabbir, Mwini ukulu wonse, kwa Allah yekha, ndipo Mlozi anafuna kugawana naye dzinalo.

N'chifukwa chake mwana akabwera m'kalasi atatchena ndimamuyamikira. Amene ndimamuitanira pambali ndi uja wakana kukhala mkeka umodzi ndi mwana wa msodzi ati akununkha usipa. Ameneyo ndimam'tsegulira Sura 7, tiwerengere limodzi.