Lenti ya Nkhokwe Yopanda Kanthu

Ku San Pedro Cutud, m'chigawo cha Pampanga ku Philippines, pa Lachisanu Loyera amuna ena amadzikwapula kumsana mpaka magazi chuchuchu, ena n'kukhomedwa pamtanda ndi misomali yeniyeni. Maepiskopi a kumeneko amauletsa mwambowu, koma anthu sausiya. Ku Ireland, Lamulungu lomaliza la Julaye, khamu limakwera phiri la Croagh Patrick, lalitali mamita 764, ena osavala nsapato pamiyala yakuthwa. Akhristu a Orthodox ku Ethiopia amasala nyama, mkaka ndi mazira masiku 55 Pasaka asanafike.

Onsewa akulizoloweza thupi kumanidwa, kuti tchimo likabwera lipeze munthu wodziwa kukana. Sindiwanyoza. Nafenso timakwera Njira ya Mtanda paphiri la Michiru ku Blantyre, ndipo ena amachezera paphiri la Bunda akusala kudya.

Koma kwathu Lenti imayamba mu Febuluwale kapena Malichi, nkhokwe zili mbee, chimanga chisanakhwime. Mayi amene ana ake agonera phala la gaga, mungamuuze kuti asale chiyani? Wa ku Croagh Patrick akatsika amavala nsapato zake n'kupita kwawo. Mtanda wa mayiyu suchoka dzuwa likalowa, ndipo sanausankhe.

Pamenepa ndiye pali nkhondo yathu ndi tchimo. Njala imanong'oneza kuti ukathyole mondokwa m'munda wa mnansi usiku. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, chisoni chimafunsa kuti wamulodza ndani, ndipo chala chimaloza agogo osauka a kumapeto kwa mudzi. Nkhalamba zingati zagwetseredwa nyumba, zina kuphedwa kumene, chifukwa cha misozi imene inasanduka mkwiyo? Izi zimandiwawa kwambiri, chifukwa ogenda miyalawo ambiri ndi obatizidwa.

Mavuto paokha sayeretsa munthu. Ena amawaumitsa mtima. Papa John Paul II, amene anafika kuno mu 1989, analemba mu 1984 kalata ya Salvifici Doloris, yophunzitsa kuti masautso amapeza tanthauzo akalumikizidwa ndi a Khristu, komanso kuti amaitana anzathu kuchita chifundo ngati Msamariya uja. Chachiwirichi timachidziwa bwino. Pamaliro amayi a chigwirizano ndi a mvano amachezera kuimba m'nyumba ya siwa, ena abwera ndi nkhuni, ena kambale ka ufa kochokera m'thumba limene latsala pang'ono kutha. Namfedwa amene wazunguliridwa chotero, kukacha mapazi ake amalemera kupita kwa sing'anga kukaombeza.