Mapesi 12, zinthu ziwiri

Chimanga chikakololedwa ku Petauke, mapesi amangoti mbwee m'minda. Dulani timapesi 12 tofanana kutalika, mutilumikize kunsonga ndi minga. Mungapange kyubu, wooneka ngati dayisi wa ludo. Ndi timapesi tomweto mungapangenso octahedron, yomwe imaoneka ngati madenga awiri osongoka, a mbali zinayi, atalumikizana m'munsi, lina kuloza kumwamba lina pansi.

Ziwirizi n'zapachibale. Kyubu ali ndi mbali 6 ndi nsonga 8, pomwe octahedron ili ndi mbali 8 ndi nsonga 6. Mukaika kadontho pakati pa mbali iliyonse ya kyubu n'kulumikiza timadonthoto, m'katimo mumatuluka octahedron. Ngakhale m'miyala zilimo: mchere ukamauma umaumbika timakyubu, daimondi wosasema nthawi zambiri amakhala octahedron.

Cha m'ma 360 BC, Plato, wanzeru wakale wa ku Greece, analemba m'buku lake la Timaeus kuti dothi linapangidwa ndi timakyubu chifukwa kyubu ndiye wokhazikika koposa. Octahedron anaipatsa mpweya. Kunena za chibuma cholimba chokhala pansi, mkuluyu sanalakwe. Koma dinani kyubu wa mapesi uja ndi chala muone. Amapendama, kenako phwasu! Makona anayi amatha kusintha maonekedwe popanda phesi lililonse kuthyoka. Makona atatu sangatero, ndipo mbali zonse za octahedron n'za makona atatu, choncho imangoti nji. Mayi wogulitsa nthochi pa Nyimba amazidziwa izi ngakhale sanamvepo za Plato: thandala likayamba kugwedera, amauza kalipentala akhomepo thabwa lopingasa. Nsanja za mafoni zomwe mumaona m'mbali mwa Great East Road nazonso n'zolukidwa makona atatu okhaokha.

Kyubu amapambana pa kusanja. Makatoni amagwirana bwinobwino mu lole osasiya mpata. Ma octahedron okhaokha sangatero, amasiya mipata yomwe imatsekeka ndi tinthu ta mbali zinayi za makona atatu. Zikasakanizidwa motero zimapanga chimango chopepuka koma cholimba, chomwe katswiri wa zomangamanga Buckminster Fuller analembetsa m'dzina lake ku America mu 1961.

Kwa ine, pa zomangamanga octahedron ili patsogolo, kungoti sitiizindikira chifukwa imabisala m'madenga ndi m'nsanja. Aphunzitsi a masamu, mapesi asanatenthedwe chaka chino, tumani ana abwere nawo m'kalasi, apange zonse ziwiri, adine okha.