Nandolo wa ku Ntaja, mavoti a ku India: amadula mtengo wanu ndani?

Nandolo akayamba kuuma m'minda ya ku Ntaja, Nselema, Ulongwe ndi Phalula, funso pamsika limakhala limodzi: chaka chino agula bwanji? Ambiri amaloza chala venda wa sikelo amene wakhala pansi pa mtengo wa mango. Vendayo naye amaloza bwana wake wa ku Limbe. Koma ngakhale bwana wa ku Limbeyo sadula mtengo yekha. Amadikira kumva kuti ku India kwagwanji.

India ndiye amadya nandolo wambiri padziko lonse. Dzikolo lili ndi anthu oposa 1.4 biliyoni, a zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo malamulo ake amavomereza zilankhulo 22. Anthu osiyana chonchi amakumana pa mbale ya ndiwo za nyemba, ndiye boma lililonse kumeneko limadziwa kuti nandolo akakwera mtengo, mavoti a m'tauni amathawa, ndipo akatsika kwambiri, alimi awo amakwiya. Mu Ogasiti 2017, alimi a ku India atakolola zochuluka, boma lawo linaika malire a matani 200,000 okha pa nandolo wolowa kuchokera kunja. Amene anali pa geni chaka chimenecho sanaiwale. Munthu anapikula matumba ndi ngongole poyembekezera mtengo wa chaka chathacho, matumbawo n'kumangofumbwa m'nyumba.

Mu 2021 boma la Malawi ndi la India anasainirana mgwirizano woti tizitumiza matani 50,000 a nandolo pachaka kwa zaka zisanu, kuyambira 2021/22 mpaka 2025/26. Unali mpumulo ndithu, koma msika wodalira wogula mmodzi ndi msika wa mtima m'mwamba. Komanso sitili tokha: Mozambique, Tanzania ndi Myanmar nawonso amagulitsa komweko, ndipo a ku Mozambique ali ndi doko lawolawo. Choncho musanathire mpamba wonse mu nandolo, tcherani khutu pa wailesi kuti mvula yagwa bwanji ku India. Mvula yawo imayamba mu Juni. Ikagwa bwino, musasunge matumba nthawi yaitali. Gulani, gulitsani, mutembenuze ndalama. Ikavuta, ndi pamene kusunga kungakupatseni kanthu.

Akatswiri a zachuma akamakamba za mayiko ongotukuka kumene okhala ndi mitundu yambiri ya anthu, amatchula India, Indonesia, Nigeria, Kenya. Amafunsa ngati kusiyana kwa zilankhulo ndi zipembedzo kumakweza dziko kapena kumaligwetsa. Ife sitifunika kukwera ndege kuti tiyankhe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 735,438 m'boma la Machinga ndi 438,379 m'boma la Balaka. Mwa anthu amenewa muli Ayao, Alhomwe, Angoni ndi Amang'anja. Muli Asilamu ambiri, makamaka ku Machinga, ndi Akhristu a mipingo yosawerengeka. Pamsika wa Liwonde mumamva Chiyao kumanzere, Chichewa kumanja, ndipo pafupi ndi malire a Nayuchi mumamvanso Chipwitikizi ndi ndalama za metikali zikuwerengedwa.

Kwa wogulitsa, kusiyanaku ndi ndalama. Wamalonda wa dera la mtundu umodzi amadikira Khirisimasi ndi nthawi yokolola basi. Wa ku Balaka ndi Machinga ali ndi nyengo zambiri. Mwezi wa Ramadani shuga, tiyi, mafuta ophikira, mpunga ndi zipatso zimayenda kwambiri madzulo anthu akamafutulu. Idi yotsiriza kusala imafuna zovala zatsopano, nsapato za ana, zisoti ndi mipango. Idi ya nsembe, imene imabwera patatha miyezi iwiri ndi masiku angapo, ndi msika wa mbuzi. Kumbukirani kuti masiku amenewa amabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndiye musadalire kalendala ya chaka chatha, funsani kumzikiti. Sukulu zikatsekera, mu Ogasiti, kumabwera zinamwali, jando ndi nsondo, ndipo tsiku lotuluka ana kusimba makolo saumira: nsalu, sopo, zakumwa, nkhuku, zonse zimatha. Kenako Khirisimasi ndi Nyuwere. Amene amalemba nyengo zimenezi m'kope ndi kuoda katundu masabata atatu zisanafike, amagula zinthu zisanakwere kumaoda.

Pali tinthu tina timene alendo pa geni amatiphonya. Wa chiwaya cha mbuzi amene sanaitane Msilamu kudzazinga wadzichotsera yekha theka la makasitomala, pomwe Mkhristu sakana nyama yozinga bwino. Wa nkhumba akhale ndi malo ake, mpeni wake ndi chiwaya chake, patali ndithu. Lachisanu masana msika umazizira kwa kanthawi, si kuti malonda afa ayi, anthu ali ku Juma. Ndipo mayi wachikulire wochokera ku Kawinga mukamulonjera kuti “Ajimwiche uli?” m'malo mongoti “Bwerani mayi, zotchipa,” mudzamuonanso sabata yamawa. Moni salipira msonkho wa khonsolo.

Koma kusiyana komweku kukagwera m'manja olakwika, woyamba kulira ndi wa pamsika. Mu Novembala 2019 kwa M'manga m'boma la Balaka kunabuka mkangano pa nkhani ya atsikana kuvala hijabu pa sukulu ya mpingo wa Anglican. Anthu anavulala, nyumba zopemphereramo zinaonongeka, sukulu zinatsekedwa. Sukulu ikatsekedwa, mayi wa zitumbuwa ndi mandasi wa pageti amagulitsa kwa yani? Nkhaniyi inadzatha pokambirana, pamene atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu anasainirana mgwirizano mu Juni 2021 mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee. Pamenepa dziko lathu linachita bwino, ndipo tinene poyera: si mayiko onse amatha kuzimitsa moto wotere pa tebulo.

Za ndale nazo zasintha kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1994, pamene Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga konkuno, anapambana, mavoti anayenda motsata zigawo: Kumwera kwa UDF, Pakati kwa MCP, Kumpoto kwa Aford. Munthu ankatha kulowa m'boma ndi mavoti a kwawo okha. Chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020 chinafafaniza chisankho cha 2019 ndi kunena kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Kuyambira pamenepo palibe mtundu umene ungaike mtsogoleri pampando pawokha. Achewa, amene ndiwo ochuluka, ndi anthu pafupifupi 34 pa 100 alionse. Lazarus Chakwera anapambana mu Juni 2020 ndi mgwirizano wa zipani, ndipo pa 16 Sepitembala 2025 anthu anamuchotsa ndi kubwezera Peter Mutharika. Maboma awiri kusinthana popanda nkhondo m'zaka zisanu si chinthu chaching'ono. Ndipo chimene chinalankhula mokweza mu 2025 si mtundu, koma mtengo wa ufa, feteleza ndi mizere ya mafuta.

Yerekezani ndi anzathu a kutsidya. Chitatha chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala 2024, zionetsero zinatenga miyezi, misewu inatsekedwa, ndipo anthu zikwi anathawira ku Nsanje. Ife amene katundu wathu amadzera ku Beira ndi Nacala tinazimva m'thumba. Njanji yochokera ku Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970, ndiyo njira yathu yachidule yopita kunyanja. Mtendere wa ku Nampula ndi Niassa uli pa mtengo wa feteleza wa ku Balaka.

Vuto lathu lalikulu lili pa ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pake namondwe Freddy anasesa mu Malichi 2023, ng'amba ya 2024 n'kudzapsereza chimanga. Timagula kunja zambiri kuposa zimene timagulitsa, ndiye wa kaunjika, wa mafoni ndi wa ziwiya za pulasitiki ndi amene amayamba kumva kuwawa: wagulitsa belo lonse, kubwerera kukaoda ndalama sizikukwana. Nthawi ngati zimenezi musaike mtengo potengera mmene munagulira; ikani potengera mmene mukaodere mawa. Ndalama zisagone m'chitini, zisandutseni katundu wosaola msanga. Ngongole ya kubanki m'khonde itengedwe pa katundu woyenda mofulumira, osati wodikira mtengo wa ku India.

Chiyembekezo chilipo, koma tichiyeze ndi sikelo yabwino. Pa phiri la Kangankunde ku Balaka kampani ya ku Australia ya Lindian Resources ikukonza mgodi wa miyala yosowa imene imafunika popanga maginito a galimoto za magetsi. Miyalayo ikatuluka, ndalama zazikulu zikathera kutali. Zimenezo ndi za boma ndi aphungu kuti azilondole. Gawo la wamalonda wamng'ono ndi ogwira ntchito amene adzafune nsima masana, nyumba za lendi, kabaza ndi mayunitsi. Anthu amenewa adzachokera ku Karonga, ku Dedza, ku Mulanje, aliyense ndi ndiwo zimene anazolowera kwawo. Wa lesitilanti amene adzakhale ndi kondowole pambali pa nsima ya chimanga, nyama yozinga, ndi matemba a ku Chilwa akapezeka, ndiye adzadye nawo.

Kwa ogula nandolo, thonje ndi chitowe: onetsetsani kuti sikelo yanu ili ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards, ndipo dziwani mitengo yoyambira imene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka nyengo yogula isanayambe. Apolisi akakupezani ndi sikelo yobera, katundu ndi mpamba zimapitira limodzi.