Kusintha Pampu ya Madzi pa Pikapu

Pampu ndiyo imayendetsa madzi pakati pa injini ndi radiyeta. Ikafa, injini imatentha nkuwonongeka, katundu wanu ali panjira. Mukaona madzi akudontha pa pampu, kapena ikulira, isintheni msanga.

Poyamba dikirani injini izizire. Mukatsegula radiyeta ikadali yotentha, nthunzi idzakuwotchani. Khuthulani madzi onse. Chotsani lamba ndi fani, kenaka masulani mabawuti a pampu. Palani gasiketi yakale mpaka pasalale. Ikani gasiketi yatsopano ndi pampu yatsopano. Mangani mabawuti pang'onopang'ono, mosinthanasinthana. Bwezerani fani ndi lamba, thirani madzi oyera. Tsopano lizani injini, muone ngati pakudontha.

Pa magalimoto ena pampu ili mkati, kuseri kwa lamba wa taimingi. Imeneyo asiyireni amakaniko.