Dzina la munthu m'nkhokwe ya maakaunti: ŵ, ng' ndi nambala

Mu 1991 gulu la akatswiri ofukula zakale, lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage, linapeza nsagwada yakalekale ku Uraha, kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga. M'kaundula anailemba kuti UR 501, UR kuimira Uraha. Ambiri amati ndi ya Homo rudolfensis, ndipo mayina a mitundu yotereyi asayansi amatsutsana nawo pafupipafupi, koma UR 501 sisintha. Nzeru yomweyi ndi imene imafunika pokonza database, nkhokwe ya pakompyuta yosunga maakaunti a anthu.

Tiyerekeze kuti gulu la banki mkhonde ku Uraha likufuna nkhokwe ya mamembala. Membala aliyense amakhala ndi mzere wake m'tebulo: dzina, mudzi, nambala ya foni, pasiwedi. Funso loyamba ndi lakuti, kompyuta imusiyanitsa bwanji ndi anzake? Ambiri amathamangira dzina, ndiye mavuto amayambira pomwepo. Mayi amene pa chiphaso ndi Gondwe, pamudzi ndi NyaGondwe, monga mmene kwa Achewa Phiri amakhalira Naphiri. Wina alemba Chirwa, wina Chilwa, poti l ndi r m'ziyankhulo zathu zimasinthana. Komanso anthu awiri a dzina limodzi m'mudzi umodzi si zachilendo. Choncho aliyense apatsidwe nambala yakeyake yosasintha, imene amaitcha primary key, ndipo dzina likhale m'danga lake, losinthika. Nambala ya pa chiphaso cha unzika, zimene National Registration Bureau inalembetsa anthu oposa 9 miliyoni mu 2017, imagwiranso ntchito yotereyi.

Vuto lachiwiri ndi ŵ, chilembo chimene Chitumbuka cha ku Karonga chimagwiritsa ntchito kwambiri, monga m'mawu oti ŵanthu. ASCII ili ndi zizindikiro 128 zokha ndipo ŵ mulibe. Mu Latin-1 namonso mulibe. Mu Unicode alimo, pa U+0175, ndipo UTF-8 imamusunga ndi mabayiti awiri. Pulogalamu ikawerenga mabayiti awiriwo ngati zilembo ziwiri zosiyana, Malaŵi amatuluka MalaÅµi. Mankhwala ake ndi kusankha UTF-8 tsiku loyamba lenileni: mu MySQL ndi utf8mb4, mu PostgreSQL ndi UTF8. Palinso kamsampha kena. Wina atha kulemba w kenako n'kuika kachipewa payekha. M'maso zikufanana, koma kompyuta iona mawu awiri osiyana, pokhapokha zolowa zonse zitasandutsidwa kalembedwe kamodzi kotchedwa NFC.

Lachitatu ndi kankhodolero ka mu ng'. Kwa ife n'kofunika zedi, chifukwa ng'oma ndi Ngoma sizimveka chimodzimodzi. Koma mu SQL, chiyankhulo cholamulira database, kachizindikiro komweko kamatseka mawu. Dzina loti Ng'ambi likangomatidwa mu lamulo, kompyuta iwerenga Ng basi, zotsalazo n'kuziyesa lamulo lina. Pakhomo pomwepa m'pamene akuba amalowera, njira yotchedwa SQL injection. Ena amangoletsa nkhodolero m'fomu, munthu n'kusanduka Ngambi. Kumeneko n'kulanga chiyankhulo pa cholakwa cha pulogalamu. Choyenera ndi prepared statements, pomwe lamulo limapita palokha, dzina palokha.

Zotsala n'zachizolowezi koma zosalumphika. Pasiwedi isasungidwe mmene ilili, idutse kaye mu bcrypt kapena Argon2. Kope la nkhokwe yonse lizisungidwa kwina tsiku ndi tsiku, poti magetsi athima, kompyuta ifa, koma ndalama za anthu zili momwemo.

Musanatsegulire anthu nkhokwe yanu, iyeseni ndi mayina atatu: Malaŵi, Ng'ambi ndi NyaGondwe. Alembeni, atulutseni, asakeni. Akabwerera mmene munawalembera, mutha kuyamba kulembetsa mamembala.